MLANDU WA GULUGUFE NDI PFUMBI

Masiku ano makina aja achedwa laputopu, ndiwo kompyuta yopindika ngati buku imene munthu aisanjika pa miyendo polemba, afika ndi kumidzi komwe. Kholo ligulitsa mtedza wa caka conse, kapena ng'ombe, kuti mwana wace wopita ku koleji akhale nayo. Mpingo usonkha ndalama miyezi yambiri kuti mlembi wace aleke kusunga maina a Akristu ndi zopereka zao m'mabuku amene ciswe ciwadya. Ici ncabwino, ndipo sindicitsutsa ai. Cimene nditsutsa ndico mau amene wogulitsa ayamba nao, asanachule mtengo, asananene za batire: anyamula makinawo ndi zala ziwiri, nawatembenuza cam'mbali, nati, Taonani kupyapyala kwace! Ndipo ife, anthu amene sitigula mphika tisanaugogode, kapena nsaru tisanaikoke ndi manja awiri, tingoti kakasi, monga ngati kupyapyala ndiyo nchito imene tafunira makinawo. Ine ndinena kuti kutama kumeneku nkopanda pace, ndi kuti kwataitsa kale anthu ambiri ndalama zao. Umboni wanga ndiutenga kwa kampani yolemera kwambiri, ya amisiri omveka pa dziko lonse, kuti wina angati ndasankha mmisiri wosadziwa nchito yace kuti ndimseke.

Tiyambe taona cimene ciri pansi pa batani limodzi, pakuti ambiri alemba tsiku ndi tsiku osazindikira kuti pansi pa cilembo ciri conse pali kamakina kacekace. Mabatani onse pamodzi ndiwo achedwa kiyibodi. Batani labwino liyenera kutsika loongoka, losapendekeka, cingakhale cala caligunda pa ngondya. Liyeneranso kukaniza calaco pang'ono, ndi pambuyo pace kugonja mwadzidzidzi; pakuti kugonja kumeneku ndiko kuuza cala kuti cilembo calowa, diso lisanacione pa galasi, ndipo ncifukwa cace wodziwa kutaipa akhoza kulemba maso ali pa pepala limene akopa. Likatero libwerere msanga pamalo pace. Pofuna zimenezi m'makina opyapyala, amisiri anapeza kale njira yochedwa ya sizasi. Pansi pa batani aikapo tizidutswa tiwiri ta pulasitiki topingasana, tonga miyendo ya mpando wa ndalema, timene tipindika pamodzi ndi kutsitsa mbali zonse za batani nthawi imodzi. Pakati pace pali kamphira koumbidwa ngati kacikho kobvundikira: ukakanikiza, kayamba kakana, kenaka kapindikira m'kati, nikakhudzitsa tinjira tiwiri ta magetsi tiri pansi pace, ukacotsa cala, kadzuka nikakweza batani. Zonsezi zicitika m'kamphindi, nthawi zikwi zambiri pa tsiku.

Tsono mutu wa mlandu wonse ndiwo mtunda umene batani liyenda potsika. Auyesa m'mamilimita, ndipo kuti muuone ndi maso, yang'anani cikhadabo canu, pakuti kucindikala kwace kuli ngati theka la milimita imodzi. Pa makina olembera akale, amene Christopher Latham Sholes wa ku Milwaukee anawakonza, ndi kampani ya Remington inayamba kuwagulitsa m'caka ca 1874, batani linatsika kutali, cifukwa mphamvu ya cala ndiyo inaponya citsulo ca cilembo pa pepala. Pamene magetsi analanda nchito imeneyo, mtunda unafupika. Kiyibodi ya IBM yochedwa Model M, ya m'caka ca 1985, imene ena akali kuigwiritsa nchito kufikira lero, inali ndi kasipuling'i pansi pa batani liri lonse, ndipo batanilo linayenda pafupifupi mamilimita 4. Malaputopu ambiri a njira ya sizasi anafupikitsa mtundawo kufikira milimita imodzi ndi theka, kapena mamilimita 2. Kufikira pamenepo zinthu zinali bwino, pakuti cala cinali kumvabe, ndi malo a pansi pa batani anali otakasuka ndithu.

M'mwezi wa January 2008, Steve Jobs, mkuru wa kampani ya Apple ya ku California, anaimirira pamaso pa khamu la anthu, natsegula envulopu yonga ya m'maofesi, nasololamo kompyuta yochedwa MacBook Air. Anthu anaomba m'manja. Kuyambira pamenepo makampani analimbana kuti aone amene adzapambana mnzace kupyapyalitsa, ndipo muyeso wacilendo unalowa m'malonda: makina anayamba kutamidwa cifukwa ca maonekedwe ao ali citsekere, ndiyo nthawi imene sagwira nchito iri yonse. Amisiri anafinya zonse za m'kati, galasi, batire, mawaya, nacotsa ndi malo omwe olowetsera zimbale. Ndipo potsiriza anafika pa kiyibodi. Koma apa pali zinthu zimene mmisiri alibe mphamvu pa izo. Akhoza kucepetsa waya caka ndi caka. Cala ca munthu ciri monga cinalengedwera, ndi pfumbi la dziko lapansi silinacepe msinkhu cifukwa ca iye.

M'mwezi wa March 2015 kampani yomweyo inaonetsa MacBook ya mainchesi 12, yocindikala mamilimita 13.1 pamalo pace ponenepa, yosakwana kilogalamu imodzi kulemera kwace. Kuti kiyibodi ilowe m'menemo anataya sizasi, napanga kamakina katsopano kamene anakacha gulugufe. Kameneka kanali ndi mapiko awiri olumikizana pakati, otambalala pansi pa batani monga acitira gulugufe potera pa matope. Ukakanikiza, mapikowo aphwatalala pamodzi. M'malo mwa kamphira anaika kambale ka citsulo kopyapyala, kotukuka pakati, kamene kalira pogonja. Kampani inalengeza kuti gulugufeyu apyapyala kuposa sizasi ndi magawo 40 pa 100, ndi kuti batani lace likhazikika kanai kuposa lakale. Ndipo mtunda wa batani unatsala ngati theka la milimita, kapena kupitirirapo pang'ono: kucindikala kwa cikhadabo cimodzi. Olemba tsiku lonse anadandaula kuti cala cifika pansi cisanamve kuti cayamba ulendo, ndi kuti kulemba kumeneko kufanana ndi kugogoda zala pa tebulo.

Ndisanapitirire ndinene cilungamo. Luso linalipo, ndipo linali lalikuru. Batani la gulugufe silinagwedezeke. Ukaligunda pa ngondya linatsika lonse pamodzi, ndipo anthu ena analikonda ndithu, nati alemba nalo msanga. Ndichulenso podutsa kuti dzina la gulugufe silinayambe ndi iwo. M'caka ca 1995 IBM inagulitsa ThinkPad 701C, imene kiyibodi yace inali ya zigawo ziwiri zotambasuka potsegula makinawo, kuti zala zipeze malo okwanira pa kompyuta yaing'ono. Gulugufe uyo anatambasulira zala za munthu mapiko ace, pamene uyu wa 2015 anapanikiza zala kuti makina akome m'maso. Sinditsutsa luso la amisiri aja. Nditsutsa funso limene anapatsidwa kuti aliyankhe. Anawafunsa, Kodi batani lingapyapyale kufikira pati? ndipo analiyankha bwino lomwe. Funso lina, lakuti, Kodi batani limeneli lidzatani m'nyumba ya munthu wakudya mkate ndi kutsegula mazenera? linayankhidwa ndi ogula, ndi ndalama zao.

Taganizani. Pansi pa batani la sizasi pali malo. Kamcenga kapena nyenyeswa ya mkate ikagweramo, igwera pambali, ndipo batani litsikabe mtunda wace wonse. Zikacuruka, munthu akhoza kutukula batanilo mosamala, nauzirapo, nalibwezera. Koma pamene ulendo wonse wa batani uli theka la milimita, kamcenga kamodzi ndiko thanthwe lotseka njira yonse. Kakalowa pansi pa phiko kasowa poturukira. Ndipo timano togwira batani tinali tosalimba, kotero kuti wofuna kulitukula analityola kawiri kawiri, makamaka batani lija lalitali losiyanitsa mau. Pamenepo batani lina linakakamira, lina linaleka kuturutsa cilembo, lina linaciturutsa kawiri pogunda kamodzi.

Wina adzati, Cilembo cimodzi ncinthu canji? Funsani mlembi wa mpingo. Alemba za mbale amene anali pa cilango, kuti sakumwanso mowa. Batani la s lagona pa kamcenga, ndipo pepala lofika kwa akuru a mpingo linena kuti akumwanso mowa. Cilembo cimodzi casanduliza kulapa kwa munthu kukhala mlandu. Funsaninso msungicuma, amene alemba 5000, ndipo batani la 0 liwirikiza lokha, palembeka 50000. Pa tsiku lowerengera ndalama, ndani adzakhulupirira kuti wakuba ndiye kamcenga? Wolemba pa cida cotere aleka kuganiza za cimene alemba, nayamba kulonda cidaco, monga mbusa alonda mbuzi pambali pa munda wa mwini. Ndipo mwana wa sukulu amene walemba usiku wonse nkhani yokapereka kwa mphunzitsi wace m'mawa, atha mbandakuca akufunafuna zilembo zosokera m'malo mokonza maganizo ace.

Koma coipa coposa ciri apa. Batani likafa pa makina opangidwa mwanzeru, mmisiri amasula tomangira tingapo, nacotsa kiyibodi, naika yina. Nchito ya ola limodzi. Pa MacBook Pro ya gulugufe kiyibodi inakhomeredwa ku cibvundikiro ca citsulo ndi timisomali tambirimbiri tosamasuka, ndipo ku cibvundikiro comweco anamatirako batire ndi guluu. Zonsezi anazicita kuti apulumutse malo. Cotero pofuna kuciritsa batani limodzi, kawiri kawiri anacotsa cigawo conse ca pamwamba, kiyibodi pamodzi ndi batire lace labwinobwino, naika cina. Pa MacBook Pro, nyengo ya kukonza kwaulere itatha, mtengo wa nchito imeneyi unafika pa madola a ku America 700. Inu alimi, mpini wa khasu ukatyoka mupita ku chire, musema wina, ndipo madzulo muli m'munda. Mukadatani naye wosula amene akadalumikiza khasu ndi mpini wace, kotero kuti mpini ukang'aluka mutaye ndi khasu lomwe, nakuuzani kuti anatero kuti khasulo likongole polikoleka pa cipupa?

Cimene cindiwawa ine koposa ndiwo mayendedwe a kampaniyo itamva madandaulo. M'mwezi wa October 2016 inaika gulugufe m'makina ace akuru a MacBook Pro, amene anthu awagula kuti adyerepo. Mu October 2017 mai wina wolemba nkhani, Casey Johnston, anasimba poyera za batani lace lalitali limene linali kulumpha kawiri, ndi kuti okonza anamuuza kuti kapena ndi pfumbi. Ndipo anthu ambirimbiri anayankha kuti zao ziri momwemo. Uphungu wa kampani unali wakuti mwini apendeketse makina ace pa madigiri 75, apopere mphepo ya m'citini pakati pa mabatani kuyambira kumanzere kunka kumanja, atembenuze makinawo, abwerezenso. Mu June 2018, mirandu itayamba kale ku bwalo, inabvomera kukonza kwaulere makina otere kufikira zaka 4 kuyambira tsiku logula, ninena kuti obvutika ndi owerengeka. Koma pokonzapo anacotsa gulugufe naikapo gulugufe mnzace, wakudwala nthenda yomweyo. Mwezi wotsatira inaturutsa makina atsopano okhala ndi kansaru ka mphira kopyapyala kophimba kamakina ka batani liri lonse, niuza anthu kuti mabatani atsopanowo acepa phokoso. A iFixit, amene nchito yao ndi kuphwasula makina ndi kuonetsa za m'kati, anakapeza kansaruko, nati nkochinga pfumbi. Ndipo kalata ya kampani yolembera okonza ace, itaululika, inanena comweco. Ogula anauzidwa za phokoso, okonza anauzidwa za pfumbi. Mwana wa sukulu wocita cotero tikadamucha dzina lace.

Ndipo mau aja akuti obvutika ndi owerengeka tisawameze osatafuna. Kampani yogulitsa makina mamiliyoni ikati gawo laling'ono, gawo laling'onolo ndi anthu odzaza midzi yambiri. Ndipo kwa munthu mmodzi amene batani lace lafa, bvutolo ndi lathunthu, pakuti iye anagula kompyuta imodzi yokha. Kumbukiraninso kuti pa kiyibodi pali mabatani oposa 60, ndipo liri lonse ndi khomo lolowera pfumbi. Sipafunika kuti afe onse. Likafa limodzi, la a kapena la n, kalata ya Cinyanja silembeka, ngakhale otsalawo akhale angwiro. Mtengo wa denga ukapfumbwa umodzi, mwini nyumba satonthozedwa pomuuza kuti enawo ali bwino.

Kansaru kaja sikanathetse bvuto. Mu March 2019 Joanna Stern wa nyuzipepala ya Wall Street Journal anasindikiza nkhani yace zilembo e ndi r zitasowa m'mau, motsanzira kiyibodi ya MacBook Air yace, kuti owerenga alawe okha. Ndipo pamenepo kampani inapepesa, koma inatinso obvutika ndi ocepa. Mu May 2019 inasinthanso zipangizo za gulugufe, ndipo makina atsopanowo inawalemba pa mndandanda wa okonzedwa kwaulere pa nthawi yomweyo inayamba kuwagulitsa. Uku ndi kugulitsa ng'ombe pamodzi ndi mankhwala a nthenda imene mwini adziwa kuti iri m'khola mwace. Mu November 2019 MacBook Pro ya mainchesi 16 inabwerera ku sizasi, ndi mtunda wa milimita imodzi yathunthu. MacBook Air inatsata mu March 2020, ndi MacBook Pro ya mainchesi 13 mu May 2020. Gulugufe anakhala zaka zisanu.

Tsono tiwerengere cimene anthu anagula ndi mabvuto onsewa. MacBook Air ya 2019, ya gulugufe, inacindikala mamilimita 15.6, nilemera makilogalamu 1.25. Ya m'caka ca 2020, ya sizasi, inacindikala mamilimita 16.1, nilemera makilogalamu 1.29. Kusiyana kwace ndi theka la milimita, ndi magalamu 40, osafika kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku ya cizungu. Ndi ici cokha! Cikhadabo cimodzi ndi dzira limodzi ndizo anthu anasinthana ndi mabatani amoyo. Ndipo m'caka ca 2022 kampani yomweyo inaturutsa MacBook Air ya sizasi yocindikala mamilimita 11.3, yopyapyala kuposa pamalo ponenepa pa ija ya 2015 imene anaipangira gulugufe. Malo analipo kwina m'makinamo. Anangofulumira kuwalanda pansi pa zala za munthu.

Mu July 2022 Apple inabvomera kulipa madola 50 miliyoni kuti mlandu uthe, ngakhale inakana kuti inalakwa. Ndipo woweruza Edward Davila wa bwalo la ku San Jose anatsimikiza pangano limenelo mu May 2023. Amene anasinthitsa batani lokha analandira kufikira madola 50. Wosinthitsa cigawo ca pamwamba kamodzi, kufikira 125. Wosinthitsa kawiri kapena kuposa, kufikira 395. Ndalama izi zinali za ogula a ku America okha. Ndipo apa mlandu wa kutali uja ufika pa khomo pathu. Makina amene eni ace oyamba atopa nao sataidwa onse. Ambiri aoloka nyanja, nafika m'masitolo a m'tauni monga zifikira zobvala za kaunjika, atapukutidwa bwino, akung'anima. Zaka 4 zija za kukonza kwaulere zinatha kale pa makina onse a gulugufe. Ngati nyenyeswa za m'nyumba zotsekedwa za ku New York zinapha mabatani amenewa, nanga pfumbi la mwezi wa October kuno, pamene kabvumvulu alowa m'kalasi pa zenera, ndi coko cipereseka pa bolodi tsiku lonse? Akuru anati, cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndidziwa cimene anyamata adzanena: kuti mphunzitsi uyu wakalamba, akonda zitsulo zolemera za makedzana, ndipo sadziwa kuwawa kwa kusenza kompyuta m'cikwama ulendo wa pansi. Kupepuka nkwabwino, inde. Mwana woyenda mtunda ayenera katundu wopepuka. Koma kulemera kwa laputopu kuli m'batire, m'galasi ndi m'citsulo ca kunja. Theka la milimita la pansi pa mabatani ndi mphepo cabe, ndipo mphepo sityola msana. Ndiponso sindinena kuti batani lalifupi silingapangidwe bwino. M'caka ca 2021 kampani ya Cherry ya ku Germany inapanga kamakina ka citsulo ndi sipuling'i, ka msinkhu wa mamilimita 3.5 okha, koma batani lace loyenda mamilimita 1.8, iwo anacepetsa nyumba, nasiya njira ya cala. M'caka comweco kampani yaing'ono ya Framework ku America inayamba kugulitsa laputopu yosakwana mamilimita 16 kucindikala kwace, ya mabatani oyenda mamilimita 1.5, imene kiyibodi yace mwini akhoza kuisintha yekha ndi sikuludiraiva yoikidwa m'bokosi lomwelo. Zimenezi nzatsopano kuposa gulugufe. Wokonda zakale ndani tsono?

Ena adzati, Kampaniyo inabwerera, ndipo inalipa. Mufukuliranji za kale? Ndizifukula cifukwa gulugufe anafa, koma mai wace ali moyo, ndiye diso la wogula. Kampani sipanga cimene mlaliki kapena mphunzitsi acifuna. Ipanga cimene anthu aciombera m'manja, ndipo amene anaombera envulopu ija m'manja ali ndi gawo lao pa mlanduwu, pamodzi ndi ife tonse amene titama cida tisanacigwire. Kufikira lero malaputopu ambiri opyapyala, a makampani osiyanasiyana, ali ndi kiyibodi yokhomeredwa ku cibvundikiro, ndipo batani limodzi likafa mtengo wace ndi wa cigawo conse. Boma la France linaona ici, ndipo mu January 2021 linayamba kukakamiza ogulitsa malaputopu m'dzikomo kuti aonetse malikisi pa 10, osonyeza ngati makinawo akonzeka msanga kapena mobvutikira, monga mwana aonetsa kholo lace malikisi a mayeso. M'masitolo a kwathu wogula aonetsedwa mtengo ndi kung'anima. Malikisi ayenera kudzifunira yekha.

Cifukwa cace, akuru a mpingo ndi makolo, potuma munthu ku tauni ndi ndalama zosonkha, mtumeni ndi mau awa. Asanyamule makina ndi zala ziwiri. Awaike pa tebulo, akhale pansi, alembe. Agunde batani liri lonse kakhumi, pakati ndi pa ngondya, zilembo ndi manambala omwe, ndi lija lalitali, ndipo awerenge pa galasi ngati paturuka khumi, osati zisanu ndi zinai kapena khumi ndi cimodzi. Alembe ndime yathunthu osayang'ana zala, amve ngati zalazo zidziwa zokha kuti cilembo calowa. Afunse caka cimene makinawo anapangidwa. Akakhala a Apple, adziwe kuti gulugufe ali mu MacBook ya mainchesi 12 ya 2015, 2016 ndi 2017, mu MacBook Air ya 2018 ndi 2019, ndi mu MacBook Pro ya mainchesi 13 ndi 15 kuyambira ya kumapeto kwa 2016 kufikira ya 2019. Otere, ungakhale mtengo wao utsike cotani, awasiye. Ndipo asanalipire apite kwa wokonza makompyuta, wosakhala wa sitolo yomweyo, akamfunse: Batani likafa pa makina a mtundu uwu, kodi musintha kiyibodi yokha kapena cigawo conse? mudzaipeza kuti, ndi pa ndalama zingati? Wokonzayo akayamba kukanda m'mutu, mtumiki wanu abwere nazo ndalama, mudzayesenso mwezi wa mawa.